Raundabauti yachilendo imafuna kuganiza usanafike

Loweruka lapitali pa msonkhano wa kalabu tinali ndi nkhani ya chitetezo cha pamsewu. Ambiri omwe simunabwere mwakhala mukupempha pa gulu lathu la WhatsApp kuti tiike zomwe mlendo wathu anayankhula. Nazi tsono. Werengani, mugawireko anzanu, makamaka a kabaza ndi omwe akuphunzira galimoto.

 

Ndapemphedwa kuti ndiyankhule za raundabauti, makamaka ija yomwe munthu sunaidutsepo. Ndikudziwa kuti ena mumtima mukuti, ife galimoto tilibe, nkhaniyi itikhudza pati? Tiyeni tiwerengane. Muno muli ena omwe ali kusukulu yoyendetsa galimoto, ena laisensi angoitenga kumene. Muli a kabaza, wa njinga yamoto ndi wa yakapalasa yemwe. Muli makondakitala omwe akudikira tsiku lomwe adzakhale pachiwongolero. Ndipo tonsefe, osachotsapo ndi mmodzi yemwe, timawoloka msewu ndi miyendo yathu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse. Oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Ndipo pakati pa anthu a zaka 5 mpaka 29, palibe nthenda yomwe ikupha anthu ambiri kuposa msewu. Zaka zimenezo ndi zanu komanso za azing'ono anu.

Mfundo yanga lero ndi imodzi, muisunge bwino. Pa raundabauti yachilendo, zonse zofunika kuganiza uziganize usanafike pamzere wolowera. Ukalowa, yatsala ndi ntchito yochita zomwe waganiza kale. Ndipo ukaona kuti unaganiza molakwika, zungulira kachiwiri. Zina zonse zomwe ndinene zikungofotokoza mfundo imeneyi.

Kusiyana kwake ndi maroboti

Pa maroboti pali wokuganizira. Likayaka lofiira umaima, likayaka lobiriwira umapita, ngakhale mutu wako uli ku ngongole ya banki mkhonde. Pa raundabauti palibe wokuuza. Iwe mwini uone, uyeze mpata, ulowe. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amatuluka thukuta m'manja akangoona chikwangwani chija cha mivi itatu yothamangitsana.

Komatu lamulo lake lalikulu ndi limodzi lokha. Kuno kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, choncho pa raundabauti timazungulira monga momwe mivi ya wotchi imayendera, ndipo wolowa amadikira amene ali kale mkati, amene akubwera kuchokera kudzanja lake lamanja. Kaya iwe uli pa Prado iye ali pa njinga yonyamula matumba a makala, wamkati ndi wamkati basi.

Nanga akatswiri a misewu amaikonderanji? Anawerenga malo omwe galimoto ziwiri zingathe kugundana pa mphambano wamba ya misewu inayi, anapeza malo 32. Pa raundabauti ya leni imodzi malo otero ndi 8 okha. Chachiwiri, pa mphambano wamba galimoto zimawombana maso ndi maso, kapena ina imalowa m'nthiti mwa inzake ili pa liwiro lonse. Ngozi zotero ndi zomwe zimapha. Pa raundabauti nonse mukulowera kumodzi, ndipo chilumba chapakati chija chimakukakamiza kukhota, kukhotako n'kukukakamiza kuchepetsa liwiro. Mukagundana, kawirikawiri nkhani imakathera kugalaja, anthu n'kubwerera kwawo amoyo. Chachitatu ife timachidziwa bwino: magetsi akazima maroboti amafa, koma raundabauti imagwirabe ntchito yake.

Nawonso anachita kuphunzira

Musaganize kuti osokonezeka ndinu nokha. Misewu yozungulira bwalo inayamba kalekale. Ku New York kuli Columbus Circle ya mu 1905, ku Britain tawuni ya Letchworth inamanga yake cha mu 1909. Koma kwa zaka zambiri panalibe lamulo lomveka loti adikire ndani. Olowa ankangolowa, amkati n'kumaima, bwalo lonse n'kudzaza mpaka palibe wosuntha, ngati mbuzi zopanikizana pakhomo la khola. Mu 1966 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loti wolowa azidikira wamkati, ndipo raundabauti yomwe tikuidziwa leroyi inayambira pamenepo. Ku France lamulo lotere linayamba kugwira ntchito mu 1984.

Ku America maraundabauti amakonowa anayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo anthu ambiri sankawafuna. Bungwe lofufuza za ngozi la Insurance Institute for Highway Safety linafunsa madalaivala m'madera atatu momwe ankafuna kumangamo raundabauti. Asanamange, ogwirizana nazo anali 31 pa 100 aliwonse. Atamanga, anthu n'kuyendapo pang'ono, ogwirizana nazo anafika 63 pa 100. Anthu ake anali a m'madera omwewo, chomwe chinasintha ndi kuzolowera. Kafukufuku wina wa mu 2001 pa mphambano zoposa 20 zomwe anazisandutsa maraundabauti anapeza kuti ngozi zonse zinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100, ndipo ngozi zovulaza anthu zinatsika ndi kuposa 75 pa 100.

Tikuphunzirapo chiyani? Mantha a raundabauti amatha, ndipo amatha msanga. Masiku ovuta ndi oyambawo, pomwe maso, manja ndi phazi zisanayambe kumvana. Ntchito yathu ndi kudutsa masiku amenewo tili amoyo, galimoto ya abwana ili yosaphwanyika, ndiponso tisanapweteke mwana wa munthu.

Zomwe zimachitika m'mutu mwa mlendo

Tiyerekeze mnyamata amene waphunzirira galimoto kuboma komwe kulibe raundabauti, kapena kuli kamodzi kokha ka leni imodzi. Lero amutuma ku Blantyre. Wayenda msewu wa Zalewa, wadutsa Lunzu, akufika pa raundabauti ya Kameza pomwe pamapatukira msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka.

Choyamba kumunamiza ndi thupi lake lomwe. Munthu ukayenda maola angapo pa liwiro lalikulu thupi limazolowera, ndiye ukatsika kufika pa 60 umamva ngati ukukwawa. Komatu makilomita 60 pa ola ndi mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, kutalika kwa maminibasi atatu ondondozana n'kutsalako. Kungoyang'ana pa foni kamodzi, maminibasi atatu wadutsa osaona kanthu. Pa 30 umayenda mamita 8 okha pa sekondi. Chinanso, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti galimoto iime umawirikiza kanayi. Ndiye thupi likamakuuza kuti wachepetsa mokwanira, funsanso sipidomita.

Chachiwiri, zofuna maso zimachuluka nthawi imodzi. Chikwangwani cha mayina a malo chili uko, mivi yojambulidwa pamsewu ili apa, minibasi yaima kutsitsa anthu, mayi wa nthochi akuwoloka, foni ikulankhula za njira, amene wamunyamula akukuwa kuti "apa, apa, khota apa!" Mutu ukadzaza chonchi, mlendo amachita chimodzi mwa zinthu zitatu.

Wina amaima pomwe sipoyenera. Amaponda mabuleki mwadzidzidzi ngakhale kumanja kulibe kanthu, kapena ali kale mkati amaima kuti apatse mpata wolowa, poganiza kuti ndi ulemu. Wakumbuyo sakuyembekezera zimenezo, phokoso lake mwalimva kale.

Wina amakakamira galimoto yakutsogolo ngati mwana wogwira chitenje cha mayi ake. Ikalowa nayenso walowa, osayang'ana kumanja. Komatu mpata uja unali wa mnzakeyo, unakwana galimoto imodzi.

Wachitatu ndiye woopsa kwambiri. Waona potulukira pake mochedwa ali mu leni yamkati, n'kungokhotetsa chiwongolero kumanzere, kudula aliyense amene ali mu leni yakunja. Amene amapezeka pamenepo kawirikawiri ndi wa kabaza.

Mnyamata wathu uja akalowa m'tawuni n'kutenga msewu wa Masauko Chipembere wopita ku Limbe, apeza maraundabauti ondondozana: pa Clock Tower, pa Ginnery Corner pafupi ndi chipatala cha Queens, pa Chichiri, pa Maselema. Msewu ndi wa maleni awiri mbali iliyonse, ndipo raundabauti iliyonse ili ndi khalidwe lake. Apa ndi pomwe pamabwera msampha wachinayi, womwe umagwira ngakhale madalaivala akale: chizolowezi cha kwanu. Raundabauti ya kwanu umaidziwa kuti mbali iyi sikubwera galimoto kawirikawiri, ndiye unasiya kuyang'anako bwinobwino. Chizolowezi chimenecho umayenda nacho. Ukafika pachilendo, khosi limatembenuka mwamwambo chabe, maso osaona. Dalaivala wanzeru akafika malo atsopano amadziyesa wophunzira, ngakhale laisensi yake ili ndi zaka 20.

Zochita usanafike pamzere

Tsopano tione zomwe amachita anthu omwe amadutsa raundabauti yachilendo ngati anabadwira pomwepo. Palibe matsenga.

Ukangoona chikwangwani chochenjeza, chotsa phazi pa mafuta. Wa galimoto ya magiya atsike mpaka giya yachiwiri pofika pamzere. Wa otomatiki aponde mabuleki pang'onopang'ono kuyambira kutali, kuti wakumbuyo aone magetsi ofiira nthawi ilipo. Kuchepetsa liwiro kumakugulira nthawi, ndipo mlendo chomwe amasowa kwambiri ndi nthawi.

Kenako werenga chikwangwani cha njira, n'kuwerenganso potulukira. Osangoti ndikupita ku Limbe. Dziuze kuti ndituluka pachiwiri, kapena pachitatu. Nena mokweza ngati uli wekha, palibe akuseke. Ngati wanyamula munthu wodziwa njira, mufunse muli kutali. Paja safunsa anadya phula.

Posankha leni, kumbukirani wotchi ya mivi. Ndikudziwa ena munaiona komaliza ku pulayimale, koma ijambuleni m'mutu. Inu mukulowa pa 6. Potulukira paliponse kuyambira pomwe mwalowerapo mpaka pa 12, kutanthauza kumanzere kapena kutsogolo, tengani leni yakumanzere. Kupitirira pa 12, kutanthauza kumanja kapena kubwerera komwe mwachokera, tengani leni yakumanja. Koma ngati pamsewu ajambulapo mivi yonena zina, tsatirani miviyo, chifukwa anaijambula poona raundabauti imeneyo.

Za indiketa. Wokhota kumanzere ayatse yakumanzere akubwera, isazime mpaka atatuluka. Wopita kutsogolo asayatse kanthu polowa, koma akangodutsa potulukira pomwe patsogola pake, ayatse yakumanzere. Wopita kumanja ayatse yakumanja akubwera, azungulire cha mkati, ndipo akadutsa potulukira pomwe patsogola pake, asinthe n'kuyatsa yakumanzere, ayang'ane pagalasi lakumanzere, atuluke. Ena mumayatsa mahazadi kusonyeza kuti mukupita kutsogolo. Zimenezo tinangotengerana, m'buku la malamulo a pamsewu mulibe. Mahazadi amauza anthu kuti galimoto yako ili pa vuto, ndipo akayaka palibe angadziwe komwe ukulowera.

Pamzere polowera, maso ayende chonchi: kumanja, kutsogolo, kumanjanso. Bwanji kutsogolo? Ngozi yofala kwambiri polowera imachitika motere. Uli wachiwiri pamzere, wayang'ana kumanja, waona mpata, waganiza kuti wakutsogolo wapita kale, waponda mafuta khosi lili chikhotere. Koma iye anazengereza, akadali pompo. Wamuwomba kumbuyo, ndipo apolisi akabwera wolakwa ndiwe. Usanyamuke usanaone ndi maso kuti wakutsogolo wachokadi.

Mpata wolowera umafunika wa masekondi anayi kapena asanu. Ukakayika, dikira wina, mipata siitha. Ndipo galimoto yomwe ikubwera kumanjayo usangoikhulupirira chifukwa yayatsa indiketa yotuluka. Indiketa ndi lonjezo chabe, ena anaiwala kuizimitsa kuchokera ku Lunzu. Yang'ana matayala akutsogolo, amenewo sanama.

Ukalowa, khala mu leni yako, osapitirira mnzako mkati, osaima popanda chifukwa. Ndiye nayi mphatso yomwe raundabauti imapereka yomwe mphambano ina iliyonse ilibe: ukaphonya potulukira, msewu womwewo ukubweretsanso pomwepo. Zungulira. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Amene akuseke aseke, mawa sadzakukumbukira. Kubwerera chammbuyo mkati mwa raundabauti, kapena kudula anzako kuti upulumutse masekondi 20, ndiko kumabweretsa maliro.

Kwa a kabaza ndi oyenda pansi

Abale anga a njinga zamoto, apa mundimvetsere. Dalaivala akamayang'ana kumanja amafunafuna chinthu chachikulu. Maso ake atha kudutsa pa inu osakuonani, ndiponso chitsulo chija cholekanitsa galasi lakutsogolo ndi la pachitseko chimatha kubisa njinga yonse ndi wokwera wake yemwe. Ndiye musamayende ngati mwaonedwa mpaka mutaona maso a dalaivalayo. Yatsani getsi lakutsogolo ngakhale masana, valani chovala chowala, chipewa mumange lamba, wonyamulidwayo nayenso avale chake.

Malo oopsa kwambiri kwa inu ndi m'mphepete mwenimweni kumanzere, pomwe mumakonda kudzipanikiza. Galimoto yotuluka imadutsa pomwepo. Tengani malo anu pakati pa leni ngati galimoto ina iliyonse, kuti wakumbuyo asaganize zokudutsani mkati. Chinanso, pali kachizolowezi kodula njira: munthu akufuna kupita kumanja, m'malo mozungulira chilumba amangolowera kumanja komweko motsutsana ndi magalimoto, ati kusunga mafuta. Mafuta omwe mwasungawo sakwana ndi supuni ziwiri. Palibe dalaivala amene amayembekezera chinthu chochokera mbali imeneyo.

Wa njinga yakapalasa amene wanyamula katundu wolemera kapena munthu, akafika pa raundabauti yaikulu ya maleni awiri, palibe manyazi kutsika n'kuikankha powolokera anthu.

Za mathiraki, izi zikukhudza aliyense. Thiraki yokoka ngolo siingakwane mu leni imodzi pokhota. Mutu umapita kunja, ngolo n'kudula mkati, ndipo matayala akumbuyo sadutsa momwe adutsa akutsogolo. Mpata womwe mukuuona pambali pake utsekeka pakangopita masekondi awiri. Musayende nayo mbali ndi mbali pa raundabauti. Khalani kumbuyo, itsirize kaye.

Oyenda pansi, osadutsa pachilumba chapakati, ngakhale pali kapinga wokongola. Wolokani pomwe anajambula mizere, kapena chapatali pang'ono ndi pakamwa pa raundabauti, mbali imodzi kaye kenako inayo. Dziwani kuti dalaivala wolowa maso ake ali kumanja, ndiye inu mukamachokera kumanzere kwake sakukuonani. Wotuluka nayenso wayamba kale kuponda mafuta. Mahedifoni achoke m'makutu. Ndipo inu makondakitala, uzani madalaivala anu kuti kutsitsa kapena kukweza munthu pakamwa pa raundabauti kumatseka maso a aliyense wobwera kumbuyo. Pitani patsogolo pang'ono, pasenjala sathawa.

Pomwe lamulo lija limasintha

Mukadziwa lamulo la wamkati, dziwaninso nthawi zomwe limagonjera zina. M'mawa ndi madzulo ku Lilongwe ndi ku Blantyre apolisi apamsewu amaima pa maraundabauti ena kuwongolera magalimoto. Wapolisi akaima pamenepo, dzanja lake ndilo lamulo. Akakuimitsa uli mkati, ima. Akakukodola uli kunja, lowa, koma maso ali tcheru. Ambulansi ikalira uli mkati, usaime pomwepo n'kutseka bwalo lonse. Tuluka, kenako patuka kumanzere. Kukagwa mvula, kapena usiku pomwe mizere yapamsewu siikuoneka, chepetsanso liwiro kuposa masana.

Ena mwa inu mudzayendetsa kunja. Ku Zambia, Tanzania, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amayenda kumanzere ngati ife, ndiye kazunguliridwe ndi komweko. Koma ku South Africa kuli timaraundabauti ting'onoting'ono m'malokeshoni ndi m'matawuni, pomwe amayamba kudutsa ndi amene wayamba kufika pamzere. Mukawoloka kulowa ku DR Congo amayenda kumanja, raundabauti mumaizungulira mosemphana ndi wotchi, ndipo khosi lomwe linazolowera kutembenukira kumanja liyenera kuphunzira kumanzere. Ngakhale ku France komwe ndatchula kuja, pa bwalo lalikulu la Arc de Triomphe mu mzinda wa Paris, pomwe pamakumana misewu 12, mpaka lero wamkati ndiye amadikira wolowa. Choncho kulikonse komwe mwafika, funani chikwangwani cha makona atatu chozondoka ndi mzere wapansi. Zimenezo ndi zomwe zimanena kuti wodikira ndani.

Ndipo sikuti munthu amakhala mlendo akapita kutali pokha. Msewu wa kwanu womwe utha kusintha. A ku Lilongwe akukumbukira raundabauti ya Area 18 yomwe inkadzaza magalimoto m'mawa uliwonse. Anaichotsa n'kumangapo misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, yomwe inatsegulidwa mu 2020. Anthu omwe anayenda pamenepo zaka zambiri anayambanso kuwerenga zikwangwani ngati alendo. Misewu ina ya mumzindawu aikuza m'zaka zapitazi, maleni achuluka, polowera ndi potulukira pasintha. Ngati papita miyezi usanadutse malo ena, fikapo ngati sunafikepo.

Kwa inu eni dera

Mbali yomaliza ikupita kwa inu omwe mukuzidziwa kale njirazi. Mukaona galimoto ikuzengereza pamzere, kapena yamata chilembo cha L, kapena dalaivala akutembenuza mutu uku ndi uku, dziwani kuti mnzanuyo mutu wadzaza. Hutala wanu samuthandiza kuona bwino. Amangomukankha kuti alowe mumpata womwe sanauyeze, ndipo ngozi ikachitika inu mudutsa pambali n'kumapita, iye atsala ndi mlandu, wina atsala ndi chilema. Musiyireni mpata wa galimoto imodzi, mupirireni masekondi asanu. Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka. Komanso mawa mlendo mudzakhala inuyo, ku Mzuzu kapena ku Lusaka, wina akukulizirani hutala kumbuyo.

Zoti kalabu ichite

Ndisanakhale pansi, ndikusiyireni ntchito zitatu zosafuna ndalama.

Yoyamba, pa bwalo la mpira lija jambulani raundabauti ndi phulusa kapena laimu, ya maleni awiri ndi misewu inayi. Ena akhale magalimoto, ena njinga, atatu agwirane m'mapewa akhale thiraki. Mkono ukhale indiketa. Muziuzana kuti iwe tuluka pachitatu, iwe bwerera komwe wachokera. Museka kwambiri, koma muona nokha pomwe anthu amagundana, ndipo thupi likaphunzira pafumbi silivutika patala.

Yachiwiri, amene muli pafupi ndi raundabauti yeniyeni, pitani awiriawiri mukaime pamalo otetezeka kwa mphindi 15. Werengani kuti ndi angati ayatsa indiketa potuluka, ndi angati asintha leni mkati, ndi pati pomwe mabuleki akulira kawirikawiri. Mubweretse zomwe mwapeza pa msonkhano wotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachitatu ndi ya ophunzira galimoto. Pemphani mphunzitsi wanu, kapena munthu wa laisensi amene mumayenda naye, kuti akutengereni pa raundabauti Lamulungu m'mamawa magalimoto asanachuluke. Lowerani mbali zonse, tulukirani ponseponse, ndipo mwadala zungulirani kawiri kuti manyazi a kuzungulira athere pomwepo. Kenako mudzapitenso pa nthawi yomwe anthu akuweruka kuntchito. Laisensi muitenge m'njira yake ku Road Traffic, mutayesedwa mayeso enieni. Pepala logula silikuuza leni yoti utenge pa Chichiri.

Ndiye tibwereze limodzi. Chepetsa liwiro uli kutali. Dziwa potulukira pako usanafike. Sankha leni, yatsa indiketa. Kumanja, kutsogolo, kumanjanso. Wamkati apite kaye. Ukaphonya, zungulira.

A tcheyamani andiuza kuti pali mphindi khumi za mafunso, ndipo ndaona a kabaza kumbuyoko akwezeratu manja pa nkhani ya mahazadi ija. Tiyambire komweko.